Pansi pa galimoto ndi apongozi anga

Mvula iyi sikata msanga, ana inu, ndiye lekani kusuzumira panja ngati nkhuku zotsekeredwa. Kokerani mphasa kuno kukhonde, dengu la mtedzalo libwere pakati, manja azigwira ntchito makutu akumva. Iwe Tamara, foniyo iyike pansi, sithawa. Dzulo ndinakumvani mukusekera kuseri kwa khitchini pamene amalume anu a Wongani anafika wapansi, matope mpaka m'mawondo, atasiya galimoto panjira ya ku Euthini. Ine nditangomva fungo la malaya awo ndinanena kuti awotcha kilatchi, ndiye wina mwa inu ananong'ona kuti agogo angadziwe chiyani za galimoto. Ndinamva. Mano ndiwo anatha, makutu alipo.

Fungo limenelo ndimalidziwa kuposa la ndiwo zopserera. Linatsala pang'ono kundilekanitsa ndi ana anga, ndipo pakanapanda munthu mmodzi amene inu simunamuone, bwenzi lero mulibe agogo okusendetsani mtedza kuno ku Champhira.

Ine sindinabadwire kuno, n'chifukwa chake mumandiseka ndikamayankhula Chitumbuka. Kwathu ndi ku Kasungu. Bambo anga ankayendetsa thirakitala pa esiteti ya fodya, ndipo poti mwana wamwamuna analibe, ankanditenga ine. Anzanga akusewera fulaye ine ndinali pamwamba pa thirakitala, kapena pansi pake ndikuwapatsira masipanala. Amayi ankadandaula kuti mwana wonunkha dizilo palibe adzamukwatire. Koma anabwera agogo anu aamuna, a Lameki, kudzagwira ntchito yosankha fodya, ndipo dizilo sanawathawitse.

Kwathu mwamuna ndiye amakakhala kwa mkazi, ana n'kukhala a kuchikazi. Kuno n'zina. Ng'ombe za lobola zikapita kwa makolo a mkazi, ana amakhala a kuchimuna, ndipo banja likatha mkazi amatuluka ndi zovala zake ndi mapoto basi. Anandiuza zimenezi ndisanakwatiwe, ine n'kungoseka. Mtsikana akakonda, makutu amakhala okongoletsera mutu.

China chimene ndinachipeza kuno ndi ulemu wa kwa apongozi aamuna. A Shaba, bambo wa a Lameki, sindinkayankhula nawo. Sunali udani ayi, unali mwambo. Mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo, sankawayang'ana kumaso, sankadya iwo akuona, ndipo nyumba yawo sankaiponda. Tikakumana panjira ndinkapatukira kutchire n'kugwada chofulatira mpaka adutse, ngakhale pakhale chitedze. Akafuna madzi ankauza akazi awo, amama NyaTembo, kuti auze NyaPhiri, ndiye ineyo, ndili pomwepo ndikumva. Ndinabereka ana atatu pamudzi pawo osamvapo mawu awo akulunjika kwa ine. Inu lero mumagwirana chanza ndi apongozi, ena mpaka kujambulitsa nawo mutakolekana m'khosi. Sindikuti n'zoipa, koma ine ndikaona thupi limachita tsembwe.

Ndiye inafika nthawi imene amuna onse a kuno anathamangira ku Joni. A Lameki nawo anapita. Pamudzi tinatsala amayi, ana ndi nkhalamba, moti ngakhale manda ankakumba ndi anthu a imvi. Chaka china anabwera pa Khirisimasi ndi pikiapu yoyera, yakale ndithu koma yopukutidwa bwino, mudzi wonse n'kuilulutira. Pobwerera anaisiya m'manja mwa dalaivala woti azinyamula anthu tsiku la msika, koma mvula isanathe dalaivalayo naye anatsata anzake ku Joni. Galimoto inangoima pansi pa msuku, nkhuku n'kumaikira mazira kunsi kwake. A Shaba ndiwo anali odziwa galimoto, poti unyamata wawo wonse anayendetsa malole a matabwa ku Chikangawa, koma maso awo anali atachita ng'ala. Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankailiza kuti batire lisafe, n'kukhala m'menemo akumvetsera injini ngati akumvetsera wailesi. Kiyi ankamukoleka pamsomali kuseri kwa chitseko cha nyumba yawo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Unali mwezi wa Febuluwale, wa njala ndi malungo. Wongani, yemweyu mumamutcha amalume wa ndevuyu, anali kamwana koyamba kumene kuthamanga. Anatentha thupi kuyambira m'mawa, ndipo dzuwa lili pamutu anayamba kukomoka, maso kutembenuka, thovu kukamwa. A Shaba ndi amama anali kumaliro kutsidya. Ngolo ikanafika kuchipatala cha mishoni dzuwa litalowa, ndipo mwana sakanadikira. Ndinaima pakhomo pa nyumba ya apongozi, kenaka ndinakankha chitseko, n'kulowa, n'kutenga kiyi uja. Mlamu wanga Estere, mlongo wake wa a Lameki, anandiona ndikutuluka ndipo anagwira pakamwa. Mayi wina woyandikana nafe nyumba anakwera atafungatira mwana, ine n'kuliza galimoto.

Msewu mukuwudziwa, koma mukuwudziwa lero atauthira miyala. Nthawi imeneyo padambo paja panali phala lenileni. Ndinalowa bwino, koma pakatikati galimoto inakhala pansi, matayala akungozungulira. Ndinaika giya woyamba, n'kuikanso wobwerera m'mbuyo, kutsogolo, m'mbuyo, mwendo uli theka pa kilatchi, injini ikulira ngati ikuphedwa. Bambo anga anandiphunzitsa kuti galimoto saichita choncho, ndipo ndinkadziwa chimene ndikuchita. Koma pambali panga mwana anali atasiya ngakhale kubuula. Abambo ena amene ankapalira m'madimba anabwera n'kuponya nthambi kunsi kwa matayala, n'kukankha. Utsi unayamba kutuluka pansi, fungo lija n'kudzaza m'katimo mpaka maso kuwawa. Sindinachotse mwendo mpaka tinatuluka.

Anamwino anati ndikanachedwa pang'ono bwenzi tikunena zina. Wongani anachira. Koma tsiku lobwerera, galimoto inayamba kuchita zachilendo. Ndikaponda moto injini inkakuwa, koma liwiro osaoneka, ndipo pachitunda cha kufupi ndi sukulu inangoima n'kuyamba kubwerera chambuyo. Anachita kuikoka ndi ng'ombe mpaka pakhomo. Tangoganizani, galimoto ya ku Joni imene inalowa m'mudzi ndi nthungululu, lero ikulowa kumbuyo kwa ng'ombe ziwiri, ana asukulu akuithamangira, mkamwana ali pachiwongolero. Manyazi ake sindinawaiwale.

Mvula ikakuona litsiro sikata. Estere anatumiza uthenga ku Joni kudzera kwa anthu aja onyamula katundu. Anati ndalowa kuchipinda kwa apongozi, ndaba kiyi, ndapha galimoto, ndiponso anandiona ndikuseka ndi amuna padambo. Musamude mayi ameneyu, ana inu, anapita kale. Mwamuna wake anali atasowera ku Joni komweko, ndipo chiyembekezo chake chonse chinali pa galimoto ya mchimwene wakeyo. Koma yankho linabwera loopsa. A Lameki anati ndilongedze ndizipita kwathu ku Kasungu, ana atsale poti lobola inaperekedwa, ndipo kumapeto a mwezi adzaimba foni ku boma kuti amve kwa bambo awo ngati zachitika.

Ndinaopa, ana inu. Sindinaopepo chinthu chotero m'moyo mwanga. Tiyezge anali atayamba kumene sukulu, Khumbo anali asanagule mano, Wongani anali atangochoka pakamwa pa imfa. Ndinkawasambitsa ndikulira, ndikuganiza kuti mwezi wamawa adzawasambitsa ndani. Kodandaula kunalibe. Woweruza nkhaniyi anali a Shaba, munthu amene sindinkaloledwa ngakhale kumupatsa moni.

M'mawa wina amama anabwera kudzandiitana, ati adada akukufunani kugalimoto. Ndinati basi, tsiku lija ndi lero. Ndinapeza akhala pampando chofulatira, amama n'kukhala pakati, ine n'kugwada chapatali. Ankayankhula Chitumbuka, koma ndikuuzani m'Chichewa changachi. Sanafunse za kiyi kapena za amuna a padambo. Anauza amama kuti andifunse kuti fungo linali lotani, ngati magiya ankalowa mokukuta, ndiponso ngati chopondera cha kilatchi chinkagwirira pansi kapena pamwamba. Ine ndinkayankha kwa amama, amama n'kubwereza kwa iwo, tonse atatu tikumvana bwinobwino.

Kenaka anati ndilowe, ndiilize, ndikoke handibuleki, ndiike giya wamkulu, ndiye ndizichotsa mwendo pa kilatchi pang'onopang'ono. Ndinachotsa mwendo wonse, koma injini inangopitiriza kulira ngati palibe chachitika. A Shaba anagwedeza mutu n'kuyamba kufotokozera amama, amene za galimoto sankazidziwa ngakhale pang'ono ndipo ankangosoka nsalu yawo. Anati kumbuyo kwa injini kuli gudumu lachitsulo lolemera, lotchedwa fulayiwilo, ndipo kilatchi ndi mbale imene imakanikizidwa pagudumulo. Zikagwirana, mphamvu ya injini imafika kumatayala. Mbaleyo ikapsa imangoterereka. Galimoto yabwinobwino ikanazima pomwepo, ndiye iyi poti sinazime, injini ndi yamoyo, magiya ndi amoyo, matenda ali pakati.

Kenaka anati ntchitoyi akuidziwa koma maso alibe, ndipo makaniko wa ku boma sangabwere msewu uli chonchi. Anati, "NyaTembo, tamufunsani mkamwana ngati sipanala amayidziwa."

Ndinayankha kuti ndimayidziwa. Mumtima ndinati akufuna ndikonze chimene ndinawononga ndisanapite, ndipo n'zoona, ndi chilungamo.

Jeke wabwino tinalibe, ndiye ndinakumba dzenje lalitali lofika m'chiuno, ng'ombe n'kukokera galimoto pamwamba pake. Inu lero galimoto ikavuta mumafunsa foni, ndipo zambiri mukuyendetsazi zilibe n'komwe kilatchi, mwendo wamanzere umangokhala ngati mlendo. Ife tinali ndi bokosi la zitsulo la a Shaba, la dzimbiri, limene anabwera nalo kuchokera ku Chikangawa. Ndinavala buluku lakale la a Lameki m'kati mwa chitenje, ndipo amayi opita kuchitsime ankachita kuzungulira njira kuti adzaone. A Shaba ankakhala kumutu kwa galimoto, amama m'mphepete mwa dzenje, ine pansi. Anayamba ndi kundichotsetsa waya wa batire. Kenaka chitsulo chachitali chija chopita kumatayala akumbuyo, nditachilemba kaye ndi makala kuti chidzabwerere mmene chinalili. Kenaka sitata, ndodo ya magiya, ndi mabawuti ozungulira giyabokosi. Bawuti aliyense ankati aikidwe m'lichero motsatana ndi mmene watulukira, ndipo lichero limenelo ngakhale nkhuku sinkaloledwa kuliyandikira.

Mawu onse ankadutsa mwa amama. Bawuti akakana, ine ndiuze amama, amama auze iwo, iwo ayankhe kuti ndithire palafini ndidikire, amama abweze kwa ine. Tsiku lina amama anatopa n'kunena kuti, imwe, munthuyu ali pomwepa ndipo makutu ali nawo. A Shaba anangotsokomola n'kupitiriza monga kale.

Tsiku lotsitsa giyabokosi kunali kamvula kowaza. Giyabokosi ndi yolemera kuposa thumba la chimanga, ndipo munthu mmodzi sangailandire. A Shaba anapingasa mtengo pamawindo awiri a kutsogolo, n'kumangapo chingwe chachikopa chija chomangira ng'ombe pagoli, n'kuchitsitsira pabowo la ndodo ya magiya. Ine ndinachikulunga pa giyabokosi. Iwo anakhala m'katimo atagwira chingwe, ine pansi ndikugwedeza chitsulocho kuti chisolokere m'mbuyo. Nthawi yomweyo mbuzi zinalowa m'munda, amama n'kuthamangira komweko. Ndinapitiriza ndekha, ndipo chinasoloka. Koma chikopa chinali chitanyowa, ndipo iwo anachimva m'manja kuti chikupulumuka. Ndinangomva mawu pamwamba panga:

"Dolika, fumapo!"

Ndiko kuti chokapo. Ndinadziponya kumbali, giyabokosi n'kugwa pamene panali chifuwa changa, matope n'kundithovukira kumaso. Ndisanadzuke ndinaona miyendo ya nkhalamba ikutsetserekera m'dzenje. Anafika akupapasa, n'kupeza mutu wanga, n'kuugwira ndi manja onse awiri, akufunsa ngati ndapweteka, ngati ndikupuma, ngati miyendo ikugwira. Ndinati ndili bwino, adada. Kenaka tonse awiri tinazindikira kuti tayankhulana. Ine chimene chinandiliza si mantha a chitsulo ayi. Sindinkadziwa kuti dzina langa la kwathu amalidziwa. Zaka zonsezo pamudzipo ndinali NyaPhiri basi.

Amama pobwera anatipeza tili m'dzenje limodzi, n'kukhala pansi osafuna. A Shaba anatuluka, n'kudzisasa, n'kuwauza kuti agwire nkhuku yofiira ija. Madzulo ake anaitana amayi akuluakulu a pamudzi, n'kundifupa nkhukuyo pamaso pawo. Anati kuyambira lero mkamwana uyu aziyankhula nane ndipo ine ndiziyankhula naye, chifukwa munthu sangafe kaamba ka ulemu. Ena anang'ung'udza, Estere anachoka osatsanzika, koma nkhuku inali itaperekedwa. Za kupita kwanga sananene kanthu, ndipo ine sindinayerekeze kufunsa.

Kuyambira pamenepo ntchito inayenda. Titatsegula tinapeza matope ouma gwa atadzaza m'nyumba ya kilatchi. Pansi pake panali bowo pamene pamayenera kukhala kachitsulo kotsekera, ndipo a Shaba anati kanagwa kalekale, mwina galimoto isanachoke n'komwe ku Joni. Ndi mmene phala la padambo linalowera. Iwo ankaona ndi zala, ine n'kumawauza mitundu. Mbale ya kilatchi inali yakuda bii, ikunyenyeka ngati chikhokho, misomali yake ili pamtunda. Chitsulo choikanikiza chinali chitafooka ndi moto. Beringi, mkombero umene umakankha chitsulocho, ataizungulitsa pafupi ndi khutu inalira mchenga wokhawokha. Pa fulayiwilo anayendetsa chikhadabo n'kupeza mizere imene misomali ija inakanda, n'kundifunsa ngati pali mawanga obiriwira ngati khosi la nkhunda. Ndinati alipo ambiri. Anati pamenepo ndi pamene chitsulo chinapsa, ndipo mbale yatsopano ukaiika pa gudumu lotere, galimoto imanjenjemera ponyamuka ndipo mbaleyo sikhalitsa.

Tinalimasula, iwo n'kulipachika pachingwe, n'kuligogoda ndi hamala. Linalira bwino, mawu aatali. Anati likanakhala long'aluka m'kati likanalira ngati mphika wosweka, ndiye ili n'lochizika, lingofunika kupalidwa pamakina. Apa ndinalimba mtima n'kufunsa funso limene linkandidya. Ndinkayembekeza kuti anena kuti mlandu ndi wa kachitsulo kanagwa kaja, kuti ndipeze ponamizira.

"Adada, ndiye kuti ndinaipha ndine?"

"Enya, munaiwotcha ndinu," anatero. "Ndikanakhala ine, mwana ali mmene analirimo, ndikanawotcha ndi injini yomwe."

Anagulitsa mbuzi zawo kuti tipeze zipangizo zatsopano, ndipo ananditumiza kwa mnzawo wakale ku Chikangawa amene ankagwira pamakina opala zitsulo. Ndinapinda nkhata, n'kusenza fulayiwilo pamutu mpaka kumsewu wa tala. Anthu ankandifunsa ngati ndi chiwaya chokazingira chimanga. Ndinakwera lole ya matabwa yobwerera yopanda katundu, kumbuyo, mphepo ikundimenya. Inu Chikangawa mukuiona lero ndi zitsa zokhazokha. Nthawi imeneyo mitengo ya paini inkatseka kumwamba, nkhungu ili mbuu masana, kuzizira kolowa m'mafupa, amayi atandandalika m'mbali mwa msewu ndi mabeseni a bowa. Mnzawo uja atamva kuti ndatumidwa ndi a Shaba anandipatsa tiyi ndi mbatata, n'kuika gudumu pamakina. Ndinaona chitsulo chikusendeka ngati khungu la mbatata yomweyo, mpaka nkhope yake inawala moti ndinadzionamo. Yemweyo anandithandiza kupeza mbale, chokanikiza ndi beringi kwa madalaivala ochokera ku Mzuzu.

Pobwezeretsa, a Shaba anali wovuta kuposa mphunzitsi. Anandisambitsa m'manja kawiri, n'kunditsukitsa gudumu ndi petulo, ati kadontho ka girisi kakangogwera pamenepo ntchito yonse yapita m'madzi. Mbale ili ndi mbali yotukuka, ndipo imeneyo imayang'ana ku giyabokosi. Anaipapasa okha kuti atsimikize. Kuti mbaleyo ikhale pakatikati penipeni pamafunika chida chake, ife tinalibe, ndiye anasema mpini wothyoka wa khasu ndi mpeni, akuyesa ndi zala, mpaka unalowa bwino pabowo. Mabawuti ankati ndisamange mmodzi mpaka kumapeto, koma pang'ono uyu, pang'ono wa kutsidya kwake, kuzungulira choncho mpaka onse alimbe mofanana. Bowo lija tinalitseka ndi kachidutswa ka lata ndi mphira wa chubu. Pokweza giyabokosi anabwera amayi a kutchalitchi, n'kukoka chingwe chatsopano akuimba nyimbo ya kwaya, ine pansi ndikulunjikitsa. Inakana, inakana, kenaka inangolowa yokha.

Anati tiyesenso monga poyamba paja. Ndinakoka handibuleki, giya wamkulu, n'kuchotsa mwendo pang'onopang'ono. Galimoto inagwedezeka n'kuzima. Amayi aja anadandaula kuti yakanika, koma a Shaba anaseka mpaka kutsokomola, ine n'kuwomba m'manja. Sindinasangalalepo ndi kuzima kwa injini ngati tsiku limenelo. Koma chimwemwe chinatha msanga, chifukwa ntchito inali yatha ndipo mwezi nawo unali kutha.

Tsiku la foni anavala jekete ndi chipewa, n'kundiuza kuti ndiwaperekeze ku boma. Ndinaganiza kuti akwera kumbuyo, kapena andipezera wina wokhala pakati. Anatsegula chitseko cha kutsogolo n'kukhala pambali panga. Estere anakwera kumbuyo kuti akadzimvere yekha. Njira yonse anthu ankaima m'minda kutiyang'ana, mkamwana ndi apongozi ake pampando umodzi. Iwo ankangomvetsera galimoto, n'kumandiuza kuti ndisagoneke mwendo pa kilatchi. Ine sindinadziwe ngati ndikudziperekeza ndekha kokandithamangitsa.

Mafoni a m'manja kunalibe kumidzi. Ku boma kunali kanyumba kokhala ndi foni imodzi, anthu n'kumadikira pabenchi kuti abale awo a ku Joni aimbe. Inalira kangapo ya anthu ena, kenaka mtsikana wa pamenepo anaitana dzina la a Shaba. Ndinawagwira dzanja kuwafikitsa pafoni, n'kubwerera kukaima pakhomo. Iwo sankakhulupirira kuti mawu angafike ku Joni munthu osakuwa, ndiye benchi yonse inamva. Analonjerana, anamvetsera nthawi yaitali, kenaka anati:

"Wamaliza? Galimoto yako yachira, ili panja apa. Tumiza munthu adzaitenge tsiku lililonse, ndi yako. Mwana wako Wongani nayenso ali moyo, ngakhale sunafunse. Tsono za lobola ukunenazo, ng'ombe zija zinatuluka m'khola la yani? Langa. Iwe unalibe ngakhale thole. Ndiye amene ndinamubweretsa pamudzi ndine, ndipo womuchotsa ndine. Sachoka. Ana ali ndi mayi wawo, ndipo mayi wawo ali ndi bambo wake."

Anapereka foni kwa mtsikana uja osadikira yankho, n'kufunsa kuti chipewa chawo achiika pati. Ndinagwada pakhomo pomwepo, pamaso pa anthu osawadziwa, n'kumangothokoza kuti yewo adada, yewo chomene. Estere anayang'ana kumbali. A Shaba anati ndidzuke, dzuwa likupita ndipo padambo paja sipofunika kudutsa mochedwa.

Galimotoyo palibe anabwera kudzaitenga, ndipo agogo anu aamuna anatchona komweko. Inatilera zaka zambiri, ndikunyamula anthu ndi matumba tsiku la msika, ndipo onse atatu anaphunzira nayo sukulu. A Shaba ndinawasamala mpaka tsiku lawo lomaliza, ndipo sindinabweze ngakhale theka. Bambo ondibereka anandipatsa manja, koma awa anandipatsa ana anga. Ndimawathokoza m'pemphero mpaka lero, ndipo ndikufuna dzina lawo mulidziwe.

Koma tsiku la foni lija, pobwerera, tikuyandikira kumudzi, ndinaona kamtsikana kataima pamphambano, patali ndi nyumba. Anali Tiyezge, mayi ako iwe Tamara. Anali atamanga tizovala take m'kansalu, n'kubereka Wongani kumsana, dzanja lina atagwira Khumbo. Ana anzake anali atamuuza kuti amayi ako apita nawo ku boma kukawakweza basi, sabweranso. Ndiye iye anawatenga azing'ono ake kuti anditsate wapansi, koma atafika pamphambano sanadziwe kuti njira ya ku Kasungu ndi iti. Ndinaimitsa galimoto n'kutsika. Sanandithamangire. Anangondiyang'ana n'kufunsa kuti, amama, mukupita liti?

Ndinamulanda kamtolo kaja, n'kukamasula pomwepo pamsewu. Ndinati sindikupita, mwana wanga, kwerani tizipita kunyumba.